Mayi Chisenga ndi Okalamba Awiri a ku Greenwood

Mayi Dinnah Chisenga anafika ku Perth mu 2008 ali ndi zaka 41, atagwira kale ntchito ya unamwino kwa zaka 17 pachipatala china cha mishoni m'boma la Dowa. Anatsatira amuna awo, a Overstone, amene anapeza mwayi wa maphunziro a zamigodi ku yunivesite ya Murdoch. Ankaganiza kuti akhala zaka zitatu basi. Katundu wina anamusiya kwa achemwali awo ku Area 25 atamulongedza bwino m'makatoni, ndipo mpaka lero ali komweko, ngati chiswe chinamusiya.

Mapepala awo a unamwino kuno sanawavomereze. Anauzidwa kuti ayambe alemba mayeso a Chingerezi. Analemba kawiri, ndipo kawiri konse anagwa ndi pang'ono pagawo lomvetsera, chifukwa anthu oyankhula m'mayesomo ankameza mawu. Kachitatu sanapiteko. Mwana wawo Tisungeni anali wamng'ono, bambo ali pasukulu, ndiye wina ankayenera kugwira ntchito. Anachita kosi ya miyezi isanu ndi umodzi yosamalira okalamba n'kuyamba kuyenda m'makomo: kusambitsa, kuveka, kupereka mankhwala, kuchapa zofunda, kumvetsera nkhani imodzimodzi kasanu m'mawa umodzi. A Overstone atamaliza sukulu analowa ntchito kumigodi ya ku Pilbara, milungu iwiri uko, umodzi kunyumba. Mu 2016 anamwalira mwadzidzidzi ndi matenda a mtima ali kukampu. Mayi Chisenga anaperekeza thupi kumudzi, anakhalako mwezi umodzi, kenako anabwerera n'kukalowa shifiti yawo ya Lolemba.

Pofika 2022 anali atalowa m'nyumba zambiri kumpoto kwa mzindawu moti misewu ankaidziwa kuposa oyendetsa mabasi. Ankakhala okha m'kanyumba ka zipinda ziwiri kufupi ndi Joondalup. Tisungeni anali atakula, akuyang'anira lesitilanti ina ku Northbridge, ndipo ankakhala konko ndi anzake. Foni ankaimba ndithu, makamaka akamayenda kupita kusiteshoni. Amayi ake ankayankhula Chichewa, iye n'kumayankha m'Chingerezi cha kuno, ndipo onse awiri anasiya kalekale kuona chachilendo pa zimenezi. Mayi Chisenga anali wamfupi, wamphamvu m'manja, wosakonda kuyankhula pogwira ntchito. Bondo lawo lamanzere linali litayamba kuvuta. Kutchalitchi ankakhala kumbuyo kuti akayamba kusinza asaoneke.

Chaka chimenecho ofesi ya kampani yawo inawapatsa makomo awiri oyandikana mumsewu wina ku Greenwood, Lachiwiri ndi Lachisanu m'mawa. Iwo anasangalala nazo chifukwa galimoto ankaimika malo amodzi.

M'nyumba yoyamba munali a Ignasio, azaka 84. Anachoka ku Chile mu 1976 ndi mkazi ndi ana atatu, zinthu zitavuta kwawoko, ndipo ana ena awiri anabadwira kuno. Moyo wawo wonse ankawotcherera zitsulo ku Kwinana, moti manja awo anali ndi tizipsera toyera mpaka m'zigongono. Akazi awo anali atamwalira. Lamlungu lililonse magalimoto ankadzaza mumsewu: ana, apongozi, zidzukulu, nyama pamoto, wailesi ikulira, aliyense akuyankhula nthawi imodzi. Koma kukacha Lolemba m'nyumbamo munkatsala anthu awiri, madalawo ndi mwana wawo womaliza, Julia, wazaka 43, amene anasiya ntchito ya muofesi ya pasukulu kuti aziwasamalira. Alongo ake ankaimba foni kawiri patsiku kumufunsa ngati bambo adya, n'kumuuza zoti awaphikire. Mayi Chisenga akafika, Julia ankawaikira tiyi ndi buledi wowotcha patebulo. Malamulo a kampani ankaletsa kudya kwa anthu, koma Julia sankamva zokana, ndipo iwo ankadya chiimire.

M'nyumba yachiwiri munali mayi Katherine, azaka 81, mzungu wobadwira konkuno, mphunzitsi wapulayimale wopuma. Ankakhala okha. Mwana wawo mmodzi yekhayo, Nicole, anali ku Brisbane, mtunda wa maola asanu pandege, ndipo ankaimba Lamlungu masana. Yankho la amayi ake linali limodzi chaka chonse, loti ali bwino. Kale anali ndi anzawo anayi amene ankasambira nawo m'nyanja ku Mullaloo m'mamawa kwa zaka makumi atatu. Ndi anzawowo amene anawagwira dzanja amuna awo atamwalira, ndi omwewo ankawapititsa kwa dokotala. Vuto ndi loti onse anakalambira limodzi. Awiri anali atamwalira, mmodzi ana ake anamutengera ku Albany, ndipo wotsalayo, a Debbie, anali atalandidwa laisensi yoyendetsera galimoto chifukwa cha maso. Ankangocheza pafoni.

Choncho munthu amene mayi Katherine ankamuona ndi maso tsiku ndi tsiku anali a Ignasio. Anakhala moyandikana kuyambira 1981. Makalata a boma akabwera, a Ignasio ankawatengera kwa mayi Katherine kuti awawerengere. Ana onse asanu anaphunzira kuwerenga Chingerezi patebulo la mayiwa. Nawo a Ignasio ankakonza geti, kuchotsa masamba m'ngalande za padenga, kutulutsa mabini a zinyalala. Amuna a mayi Katherine atamwalira, a Ignasio anatchetcha kapinga wawo zaka khumi ndi chimodzi osapemphedwa. Kuphwando la Lamlungu mayi Katherine sankapita, ankati phokoso limawapweteketsa mutu. Mbale yawo inkadutsa pamwamba pa mpanda, n'kubwerera yotsuka.

Pamene mayi Chisenga ankayamba ntchito pamenepo, mutu wa a Ignasio unali utayamba kusokonezeka. Chingerezi chimene anachivutikira zaka makumi anayi chinali chitawathawa, kunatsala Chisipanishi chokha. Komabe panali chizolowezi chimene sichinasinthe. Mayi Chisenga akawasambitsa ankawakhazika pakhonde. Kenako ankapita kukasambitsa mayi Katherine, n'kuwatsogolera pang'onopang'ono ndi choyendera chawo cha mateyala mpaka pakhonde lomwelo. Awiriwo ankakhala moyang'ana kumsewu. A Ignasio ankayankhula Chisipanishi, mayi Katherine n'kumayankha m'Chingerezi za mbalame, za mphepo, za galu wa anthu a patsidya. Palibe ankamva mnzake. Ola limenelo ndi limene Julia ankagona pasofa nsapato zili kuphazi.

Poyamba mayi Chisenga ankaweruza. Anauza mnzawo wa kuntchito, a Chitalu, mayi wa ku Zambia amene anachita nawo kosi limodzi, kuti a ku Chile ndi anthu ngati ife, amadziwa kholo, pomwe azungu a kuno amasiya mayi yekha n'kumamuimbira foni ngati akufunsa za nyengo. Koma tsiku lina anapeza Julia m'chipinda chochapira akulira mwakachetechete, makina akuzungulira kuti asamveke. Usiku wathawo bambo ake anali atamutukwana pomuyesa wakuba, ndipo atauza mlongo wake wamkulu, iye anangoti awaleze mtima. Mlungu womwewo anapeza mayi Katherine ali ndi chilonda pamkono, atagwa m'bafa, ndipo mayiwo anawachonderera kuti Nicole asamve, ali ndi ana ake ndi ntchito yake. Mayi Chisenga analemba mu lipoti monga mwa lamulo. Zoweruza anazisiya. Kunyumba ankafika atatopa kwambiri moti analibe mphamvu yoganizira kuti wolondola ndani.

Mu Novembala 2023, a Ignasio anatuluka m'mawa Julia akusamba. Anawapeza patatha maola awiri pafupi ndi siteshoni ya sitima, atavala jekete yakale ya kuntchito pamwamba pa zovala zogonera, akuti achedwa ku Kwinana. Lamlungu lotsatira kunalibe nyama pamoto. Banja linakhala pansi, ndipo Julia anapempha kuti bambo apite kunyumba yosungira okalamba. Alongo ake anakana. Anati amayi awo anafera m'manja mwa ana, bambonso zidzatero. Wamkulu, Hernan, amene ankakhala ku Rockingham, kummwera kwenikweni kwa mzinda, anati awatenga iye. Nyumba yake ndi yaikulu, mkazi wake sagwira ntchito, geti ndi lokiya. M'nyumba ya ku Greenwood aikamo anthu a lendi.

Julia anafotokozera mayi Chisenga zonsezi Lachiwiri, ali chiimire pasinki. Anati sakudziwa ngati amupepukitsira mtolo kapena amuweruza kuti walephera. Kenako anati palibe amene wauza mayi Katherine, ndipo iye sangathe.

Anawauza ndi mayi Chisenga, powapukuta kumsana. Mayi Katherine anagwira chitsulo cha m'bafa.

"Liti?"

"Loweruka likubwerali."

"Achita bwino," anatero mayi Katherine. "Mwana uja watha. Mundipatse malaya a buluu aja."

Tsiku losamuka mayi Chisenga sanali pa ntchito. Anangomva kwa Julia kuti kunabwera anthu oposa makumi awiri kudzanyamula katundu, ndipo aliyense anapita kukapsompsona mayi Katherine patsaya, kuwalonjeza kuti azibwera. Analonjeza ndi mtima wonse. Koma ku Rockingham n'kutali, ndipo Lamlungu tsopano magalimoto ankalowera kumeneko. Julia anasamukira kwa mnzake ku Fremantle. Anabwera kawiri Khirisimasi isanafike, kenako anadwala chimfine chimene chinamugoneka pafupifupi mwezi.

Mayi Katherine anayamba kufooka. Chakudya chimene kampani inkabweretsa chinkaunjikana mufiriji. Lachisanu mayi Chisenga ankawapeza ndi zovala zomwe anawaveka Lachiwiri. Analemba malipoti atatu. A kuofesi anaimbira mayi Katherine, mayiwo anati ali bwino, kutentha kokha ndiko kwawachotsera chilakolako cha chakudya, ndipo nkhani inathera pomwepo. M'nyumba ya a Ignasio munalowa anyamata a kumigodi amene ankaoneka mlungu umodzi pamwezi.

Chakumayambiriro kwa Febuluwale, mayi Katherine anafunsa kuti kodi pasitima ku Rockingham n'kutali bwanji. Mayi Chisenga anayankha kuti ndi ola limodzi, sitima yomweyo osatsika, koma iwo saloledwa kuyenda ndi munthu amene amamusamalira kunja kwa nthawi ya ntchito. Lachisanu mayiwo anafunsanso, ngati ayiwala. Mayi Chisenga anakananso. Lachiwiri lotsatira mayi Katherine sanafunse. Anangonena kuti m'moyo wawo wonse sanapemphepo munthu chinthu kachitatu, ndipo sayambira pa iwo.

Mayi Chisenga anamaliza kutsuka makapu, anapukuta manja, n'kunena kuti Loweruka ali ndi mpata.

Anadziuza okha kuti akayenda pasitima sizikhala ngati awanyamula pagalimoto yawo, angokhala amayi awiri okwera sitima imodzi. A Chitalu atamva sanagwirizane nazo. "Ba Dinnah, muzaluza nchito chifukwa cha nkhalamba ya bene," anatero, kutanthauza nkhalamba ya eni. Mayi Chisenga anati akudziwa. Anaimbira Julia, ndipo Julia anati akawachingamira kusiteshoni ya Rockingham.

Loweruka limenelo kunatentha kuyambira m'mawa. Mayi Katherine anali atavala kale pamene mayi Chisenga ankafika, atadzola ndi milomo yomwe, kabokosi ka mabisiketi kali m'dengu la choyendera chawo. M'sitima munali kozizira bwino. Anadutsa pansi pa tawuni, anawoloka mtsinje, ndipo atafika pa Murdoch mayi Chisenga anasuzumira pawindo. Panali patamangidwa nyumba zazitali zambiri moti malo amene ankadikirira amuna awo atagwira mwana padzanja sanawazindikire. Mayi Katherine ankawerenga mayina a masiteshoni mokweza pang'ono, ngati akuitana mayina m'kalasi.

Kwa Hernan anapeza anthu khumi ndi asanu, chifukwa Julia anali atauza onse. Anawalandira ndi manja awiri, kuwakumbatira, kuwaikira mbale zodzaza. A Ignasio anali pabalaza patsogolo pa TV, ometedwa bwino, ovala zoyera, koma owonda. Anawakhazika mayi Katherine pafupi nawo, ndipo banja lonse linazungulira, aliyense akuwakumbutsa bambo kuti uyu ndi Kath, Kath wa pafupi uja, amukumbuka? A Ignasio ankayang'ana nkhope imodzi, kenako ina. Anayamba kukoka kolala ya malaya awo n'kumang'ung'udza. Mayi Katherine anakhala chowongoka, kabokosi ka mabisiketi kali pamiyendo.

Mayi Chisenga anakokera Julia pambali n'kumuuza kuti atulutse mipando iwiri aiike pamthunzi poimika galimoto, moyang'ana kumsewu, ndipo anthu onse atsale m'nyumba. Hernan sanakondwe kuuzidwa zochita m'nyumba mwake ndi mlendo, koma mkazi wake anamugwira pamkono.

Anakhala panjapo mphindi makumi anayi. Mayi Katherine anayamba kunena za anyamata a lendi amene sadziwa tsiku lotulutsa mabini, ndipo patapita nthawi a Ignasio anayamba kuyankha m'Chisipanishi, motsitsa, osawayang'ana. Anadya mabisiketi atatu. Mayi Chisenga ndi Julia anaima pawindo la kukhitchini. Pena Julia anaika dzanja pakamwa, ndipo mayi Chisenga atamufunsa anati bambo akunena kuti ngalande za padenga zikufunika kuchotsa masamba mvula isanayambe, abwera ndi makwerero mawa.

"Ndiye kuti awazindikira?" anafunsa mayi Chisenga.

"Kaya," anatero Julia. "Dzana ananena zomwezo kwa munthu wobweretsa makalata."

Pobwerera Julia anati awaperekeza pagalimoto mpaka ku Greenwood. Mayi Katherine anakana, anati avutitsa anthu mokwanira tsiku limodzi. M'sitima anagona, mutu uli paphewa la mayi Chisenga. Anatsika cha m'ma 3 koloko masana, dzuwa lili pamutu, kutentha kutafika madigiri 41. Ali pakati pa njira yotsetsereka yotulukira pasiteshoni, mayi Katherine anati akuona chizungulire. Mayi Chisenga anawagwira m'chiuno monga anachitira ndi anthu mazanamazana, koma bondo lawo linagonja, ndipo onse awiri anagwa. Mayi Chisenga anangosupuka chigongono. Mayi Katherine anathyoka fupa la m'chiuno.

Ambulansi inawatengera kuchipatala cha ku Joondalup. Mayi Chisenga anaimbira Nicole okha, ali pabenchi panja pa chipinda cha odwala mwadzidzidzi, ndipo ananena zonse mmene zinayendera osachotsapo kanthu. Kenako anaimbira ofesi.

Nicole anafika mawa lake masana. Anali mayi wazaka za m'ma 50, wamtali ngati amayi ake, maso ofiira chifukwa cha ulendo. Anakumana pakhonde la wodi. Sanakweze mawu. Anafunsa kuti ndani anapatsa mayi Chisenga chilolezo chotenga munthu wazaka 82 pasitima tsiku lotentha chotero, ndipo iwo anati palibe. Anafunsa ngati akudziwa kuti amayi ake mwina sadzayendanso, iwo anati akudziwa, anali nesi. Kenako Nicole anafunsa kuti ku Rockingham kuli chiyani.

Apa ndi pamene mayi Chisenga anazindikira kuti Nicole sankadziwa n'komwe kuti a Ignasio anasamuka. Miyezi itatu, Lamlungu lililonse, amayi ake sanamuuze. Sankadziwa za chakudya chounjikana mufiriji, ngakhale za kugwa m'bafa kuja. Nicole anakhala pampando wa pulasitiki n'kuyang'ana pansi.

"Ndimawafunsa," anatero. "Mlungu uliwonse ndimawafunsa. Ndinawapempha kawiri kuti abwere tizikhala limodzi. Anati sakufuna kukhala katundu wa munthu. Inuyo mukanatani?"

Mayi Chisenga anaganiza za amayi awo omwe, amene anamwalira ku Dowa mu 2012 iwo ali kuno akusambitsa amayi a eni. Anati sakudziwa.

Dandaulo Nicole anakapereka ndithu. Kuofesi anaitana mayi Chisenga Lachitatu, anawawerengera ndime ya malamulo imene anaphwanya, n'kuwapatsa kalata ya chenjezo kuti asaine. Anawachotsa pakhomo la mayi Katherine ndi kuwaletsa kukawaona kapena kuwaimbira. Ntchito sanawachotse, chifukwa antchito ndi ochepa ndipo okalamba akuchulukirachulukira. Mayi Chisenga anasaina osawerenganso. Potuluka anapeza a Chitalu akuwadikira m'galimoto ndi chipisi cha m'pepala. A Chitalu sanawakumbutse zoti anawachenjeza. Anadya, kenako aliyense anapita ku shifiti yake.

Za kuchipatala ankazimvera kwa Julia. Banja la a Ignasio litamva za ngoziyo linagawana masiku. Julia ankapita Lolemba ndi Lachinayi, azilamu ake masiku enawo, atanyamula supu m'mabotolo, mpaka manesi ankayesa kuti ndi ana a mayi Katherine. Mayiwo ankadandaula kuti akuwachulukira, koma supuyo ankamwa. A Debbie, mnzawo wa kunyanja uja, anabwera kamodzi pa takisi, ndipo awiriwo anatha ola lonse akutsutsana za chaka chimene anaona chinsomba chachikulu ku Mullaloo. Nicole anakhala milungu itatu, anabwerera ku Brisbane, anabweranso. Mu Epulo anawatenga amayi ake pa njinga ya olumala n'kukawaika kunyumba yosungira okalamba pafupi ndi kwawo. Ulendo uno sanawafunse maganizo, ndipo akuti mayi Katherine sanatsutse.

Patatha mwezi Julia anabweretsa kakhadi kamene kanabwera m'envelopu ya dzina lake koma kali ka mayi Chisenga. Zilembo zake zinali zoongoka, za mphunzitsi. Munali mizere iwiri yokha ya Chingerezi. Madzulo ake Tisungeni ataimba, amayi ake anamumasulira m'Chichewa kuti mayi aja alemba kuti sakunong'oneza bondo, koma inu bondo lanulo mukalipimitse. Atangotero anamva okha mmene mawuwo akumanirana, ndipo anaseka kwa nthawi yoyamba chichitikire ngoziyo. Tisungeni sanaseke. Anafunsa m'Chingerezi kuti kunong'oneza bondo n'kutani, munthu anganong'oneze bwanji bondo. Amayi ake anayamba kufotokoza, koma pofika pakati nthabwala inali itazizira. Mwanayo anati sitima yake yafika, ndipo anawonjeza kuti akadzafuna kupita kukapimitsako amuuze msanga kuti apemphe tchuthi. Mayi Chisenga anati amuuza.

A Ignasio anamwalira mu Julayi, mvula ili pakati, m'nyumba ya Hernan, ana onse asanu ali m'chipindamo. Mwambo wa maliro unali Lachinayi m'mawa kutchalitchi cha Katolika kummwera. Mayi Chisenga anasinthana shifiti ya m'mawa ndi a Chitalu, koma ya 2 koloko masana sinapezeke woigwira. Anafika misa ili pakati n'kuima kumbuyo. Tchalitchi chinali chodzaza mpaka pakhomo, madala a ku Chile ovala majekete akuda, ana akuthamangathamanga m'mbali. Nyimbo sanazimve mawu ake koma kalilidwe kake kanali kodziwika. Nkhata ina yamaluwa oyera inachokera ku Brisbane.

Panja, anthu akukwera magalimoto kupita kumanda, Julia anawapeza pansi pa mtengo atafunda ambulera. Julia anali atawonda, tsitsi litayamba imvi. Anawakumbatira nthawi yaitali. Anati alongo ake amuthokoza pamaso pa anthu onse m'tchalitchimo, ndipo iye sanamve kalikonse mumtima. Anati zaka zisanu ndi chimodzi wakhala akudzuka ndi bambo m'mutu, ngakhale atasamukira kwa Hernan, tsopano sakudziwa kuti mawa m'mawa adzuke adzatani.

"Mawa musadzuke," anatero mayi Chisenga. "Gonani. Zinazo mudzaziona mkuja."

Julia anawapempha kuti apite nawo kumanda, kenako kunyumba kukadya. Iwo anayang'ana nthawi pafoni n'kupepesa.

Msewu waukulu wopita kumpoto unali wodzaza chifukwa cha mvula. Anafika ku Wanneroo atachedwa ndi mphindi makumi awiri, kwa bambo wina amene anali atangoyamba kumene kuwasamalira, woyendetsa mathiraki wopuma, wokhala yekha ndi kambalame ka m'khola. Bamboyo anali atakhala kale pampando pafupi ndi bafa, thawulo lili pamiyendo. Anafunsa kumene achedwa, ndipo atamva kuti kumaliro anagwedeza mutu osafunsa kuti a ndani. Anangowauza kuti madzi otentha masiku ano akuchedwa kubwera, awatsegule kaye ayende.

Mayi Chisenga anavula jekete yakuda ija, anaipachika kuseri kwa chitseko, anavala magolovesi. Anatsegula mpopi n'kuika mkono pansi pa madziwo, kudikira kuti afunde.